Kodi teleconverter ingandifikitse pa nkhwazi ya tsidya lija?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba. Akuti ali ndi kamera ya Canon ndi lenzi ya 75-300mm, koma akapita ku Liwonde kukajambula mbalame, nkhwazi imangooneka ngati kadontho pansonga ya mtengo. Ndiye akufunsa ngati angagule teleconverter ya 2x kuti lenziyo ifike pa 600mm.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye.

Teleconverter ndi kagalasi komwe mumamangirira pakati pa kamera ndi lenzi. Ntchito yake n'kukulitsa chapakati pa chithunzi chimene lenzi yabweretsa kale. Ya 1.4x imasandutsa 300mm kukhala 420mm, ya 2x imaifikitsa pa 600mm. Zokoma kumva, eti? Koma malipiro ake ndi kuwala. Ya 1.4x imadya theka la kuwala, pomwe ya 2x imangokusiyirani gawo limodzi mwa magawo anayi. Lenzi yanuyo ikatambasuka mpaka 300mm imakhala pa f/5.6 (nambala ya f imasonyeza kukula kwa bowo lolowetsa kuwala, ikamakwera kuwala kumachepa), ndiye mukaikapo 2x mwagwera pa f/11. Pamene mumajambula ndi shata yotseguka kwa 1/1000 ya sekondi, tsopano mukhala pa 1/250, apo ayi ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ikwere kuchoka pa 800 kufika pa 3200. Tangoganizani, muli m'boti pa Shire, boti likugwedera, manja akunjenjemera, mbalame nayo siikudikirani.

Ine zinandionekera. Ndinagula ya 2x yotchipa kwa munthu wina, ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Madzulo ena nkhwazi inatsika n'kudzatola chambo pamaso panga penipeni. Ndikudina batani, lenzi ingoti dzrrr kutsogolo, dzrrr kumbuyo, kusakasaka osapeza kanthu. Pomwe inkakhazikika n'kuti patsala mafunde okha. Makamera ambiri a DSLR, makamaka otsika mtengo, autofocus yake, yomwe imadzisakira yokha poti chithunzi chioneke bwino, imagwira bwino mpaka pa f/5.6, ena okwera mtengo amafika pa f/8. Pa f/11 mumachita kupotokola ndi dzanja.

Palinso vuto lina. Ma teleconverter a Canon, omwe eni ake amawatcha ma extender, ali ndi galasi lotulukira kutsogolo, moti pa lenzi yanuyo salowa n'komwe. Anapangira malenzi ena a gulu lapamwamba lotchedwa L, monga 70-200mm ndi 100-400mm. Ma teleconverter a kampani ya Kenko amalowa pa malenzi ambiri, koma kulowa si kujambula bwino. Kagalasika sikawonjezera kuthwa kwa chithunzi, kamangokulitsa zomwe zilipo, zilema zomwe. Lenzi ya 75-300mm imakhala kale yofewerako kumapeto kwake, ndiye mukaiwirikiza kawiri nthenga za mbalame zimangoti mbuu.

Sindikunyoza chipangizochi ayi. Pa lenzi yakuthwa ngati 300mm f/4, ya 1.4x imakupatsani 420mm f/5.6, autofocus ikugwirabe, ndipo kamalowa m'thumba la malaya. Chimene ndimakondera kwambiri n'chakuti mtunda woyandikira chinthu sumasintha, choncho gulugufe kapena tombolombo amadzadza chithunzi chonse muli pomwe mumaima kale.

Inuyo pakadali pano jambulani pa 300mm, mutsekeko pang'ono bowo la lenzi kufika pa f/8, kenako mukadule chithunzicho pa kompyuta. Ngati kamera yanu ndi ya 24 megapixel, mukadula mofanana ndi 1.4x mumatsala ndi pafupifupi 12, zokwanira kusindikiza chithunzi chokhoma pakhoma. Musaiwalenso kuti makamera a Canon okhala ndi sensa yaing'ono (APS-C) amachepetsa kale malo ooneka ndi 1.6, ndiye ngati yanu ndi yotero, 300mm yanuyo ikuona ngati 480mm.

Ndipo lawirirani m'mamawa. Masana a Okutobala mpweya wotentha umawirawira pamwamba pa madzi, ngakhale lenzi ya mamiliyoni imatulutsa zithunzi zosungunuka. Pemphani oyendetsa boti azimitse injini mukadali patali, madzi akukankhireni pang'onopang'ono kufupi ndi mtengowo, inu kamera ili kale kumaso.