Apongozi akangoyamba kundidzudzula, ndimaphulika

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 26, ndili pa chitengwa kuno ku Dedza. Amuna anga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndiye pakhomo ndimakhala ndi apongozi. Mayiwa sasowa chonena. Nsima akuti ili ndi mibulu, nkhwani akuti ndachulutsa nsinjiro, mwana akuti sindimubereka bwino. Akangoyamba, mtima umagunda, kukhosi kumauma, kenako ndimayankha mawu amene ndimachita nawo manyazi ndikakhala ndekha. Sabata yatha ndinaponya chipande pansi n'kukadzitsekera kuchipinda. Amuna anga pa WhatsApp amangoti pirira. Kodi ndibwerere kwathu?

Wothedwa nzeru, Dedza

Mwanangu,

Usamange kaye katundu. Kalata yako yandikhudza, makamaka pamene wanena kuti umachita manyazi ukakhala wekha. Munthu wamwano weniweni sachita manyazi. Iwe ndiwe mwana wotopa, amene ukulera khanda mwamuna ali kutali, pamudzi pa eni.

Waona kale chinthu chimene ambiri sachiona. Mawu asanatuluke, thupi limayamba lakuchenjeza: mtima kugunda, kukhosi kuuma. Munthu akamva ngati akuukiridwa, thupi limatulutsa timadzi tofulumizitsa mtima totchedwa adrenaline, mpweya umafupika, ndipo limakonzekera kumenya kapena kuthawa. Chipande chija kunali kumenya, chitseko chija kunali kuthawa. Pakati pa kugunda kwa mtima ndi kutsegula pakamwa pali kampata kakang'ono, ndipo ntchito yako yonse ili m'kampata kameneka.

Tsono apongozi akayamba, usafulumire kufuna yankho. Imva mapazi ako pamene aponda pansi. Kokera mpweya m'mphuno pang'onopang'ono, n'kuutulutsa mochedwerapo kuposa mmene unaukokera, katatu. Mumtima utchule chimene chikuchitika: ndapsa mtima, ndikuchita manyazi. Usadzikalipire chifukwa cha zimenezo, ungoziona basi. Achipatala ena amaphunzitsa odwala luso lotere la kukhazika maganizo pa zimene zikuchitika nthawi yomweyo. Katswiri wina wa sayansi, Jon Kabat-Zinn, anayamba kuliphunzitsa ku Massachusetts, m'dziko la America, mu 1979, m'maphunziro a masabata 8. Koma si za patali. Poti lusoli limafuna kuzolowera, yamba pamene palibe mkangano. Ukamavundula nsima, maganizo onse akhale pa mthiko, kulemera kwake, fungo la ufa, kutentha kwa moto. Maganizo akathawira kwa apongozi, uwabweze ku mthiko. Akathawanso, uwabwezenso.

Mtima ukatsika, peta mawuwo ngati mmene umapetera mphale. Kalankhulidwe kowawa ndi gaga, kauluke. Chotsala m'lichero uchiyang'ane moona mtima. Kodi nsimayo inalidi ndi mibulu? Ngati inali nayo, palibe chochititsa manyazi. Tonse tinaphunzira kwa wina. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Tsiku lina, kunja kuli bata, ukhale nawo pamphasa n'kunena kuti, "Amayi, tandionetseni mmene mumaberekera mwana kuno kwanu." Amayi ambiri amene amadzudzula kwambiri amakhala akuopa kuti pakhomo sakufunikanso, makamaka mwana wawo akachoka kupita kunja. Kuwafunsa nzeru kumawabwezera malo awo. Ngati m'lichero simunatsale kanthu, "ndamva, amayi" ndi yankho lokwanira, ndipo silitanthauza kuti wavomera mlandu.

Za chipande chija, ukapepese. Upepese chifukwa cha chipandecho, osati chifukwa chakuti unamva kuwawa.

Pano pali pamene sindingakunyengerere. Kudzudzula n'kosiyana ndi kunyoza. Ngati mawuwo afika potukwana makolo ako, kukana kukupatsa chakudya, kukuopseza kapena kukuchititsa manyazi pagulu tsiku ndi tsiku, kupuma katatu si mankhwala ake. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006 limawerengera nkhanza zozunza maganizo pamodzi ndi zomenya, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza yotchedwa Victim Support Unit. Kalata yako sikuonetsa kuti mwafika pamenepo, koma ndikufuna uzidziwe.

Amuna akonso sindikuwasiya. Mawu akuti pirira ndi opepuka kuwalemba uli ku Johannesburg. Mayiwo ndi awo, ndipo ndi iwo amene angawalankhule mosavuta kuposa iwe. Uwaimbire foni, osati kulemba uthenga, pa nthawi imene mtima uli m'malo. Uwauze zinthu ziwiri kapena zitatu zenizeni zimene zinachitika, kuphatikizapo kulakwa kwako, ndipo uwapemphe kuti alankhule ndi amayi awo. Akazengereza, ankhoswe anu a mbali zonse ziwiri ndiyo ntchito yawo imeneyi. Sanaikidwe kuti azidikira banja litatha.

Yesa zimenezi mwezi umodzi, kenako undilemberenso. Ndikufuna kumva zimene apongozi anachita tsiku limene unawapempha kuti akuonetse kaberekedwe ka mwana.

Azakhali