8 wa pa GAD-7 asakutsekeni pakamwa

Achemwali, mwafotokoza kuti mumadzidzimuka usiku mtima ukuthamanga, koma kuchipatala mwangopeza 8 pa GAD-7, pepala la mafunso loyezera nkhawa. Amene anakuuzani kuti 8 ndi wochepa, mupite mukapume, anawerenga pepala koma inuyo sanakumveni.

GAD-7 ili ndi mafunso 7 okha, onse okhudza masabata awiri apitawa. Pa funso lililonse mumalemba 0 ngati sizinachitike, 1 ngati zinachitika masiku angapo, 2 ngati zinapitirira theka la masikuwo, 3 ngati ndi pafupifupi tsiku lililonse. Zonse pamodzi zimathera pa 21. Kuyambira 5 amati nkhawa yochepa, 10 yapakati, 15 yaikulu, ndipo ambiri amayamba kufufuza mozama ikafika 10. Koma taonani mafunsowo: nkhawa yosaletseka, kulephera kumasuka, kusakhazikika, kupsa mtima msanga, mantha oti choopsa chichitika. La mtima kapena mpweya mulibemo.

Ndiye munthu wadzidzimuka pakati pa usiku ngati mmene mwafotokozeramu, mtima ukugunda mwamphamvu, mpweya ukuperewera, zala zachita dzanzi, thukuta lili kamukamu, akuona ngati basi akufa. Pakapita mphindi 10 kapena 20 zaleka. M'mawa afika kuchipatala, wina akumuwerengera mafunso mothamanga, maso ali pa wotchi, "simuda nkhawa kwambiri eti?", n'kuchonga yekha 1. Zimandinyansa zimenezi! Pepalali ndi loti mudzaze nokha, ndipo silinena kuti mukudwala chiyani, limangoyeza kuti nkhawa yakula bwanji.

Zam'thupi amafunsa m'mapepala ena oyezera nkhawa: mu BAI ya Aaron Beck, ya mafunso 21, komanso mu HAM-A imene Max Hamilton anatulutsa mu 1959. HAM-A ili ndi magawo 14, lililonse 0 mpaka 4, zonse 56, ndipo wodzaza ndi dokotala atacheza nanu mofatsa. Vuto lake, kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera zimakweza nambala ngakhale gwero litakhala chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyezo, kuchepa magazi, khofi wambiri, inhela ya mphumu ya salbutamol kapena kusiya mowa mwadzidzidzi. Mupemphe adokotala akuyezeninso magazi.

Komabe GAD-7 musaitaye ayi. Muzidzaza masabata awiri aliwonse musanalowe kwa dokotala, n'kulemba deti. Ikachoka pa 8 n'kufika 12, sangakubwezeninso ndi mawu okha. Pambali pake muzilemba usiku umene mtima unathamanga ndi mphindi zimene zinatenga. Funso lowonjezera la pansi pa GAD-7, loti zakusokonezani bwanji pa ntchito ndi pakhomo, sililowa m'chiwerengero, koma muliyankhe mosabisa.