Joan Crawford ndi chinyani cha kuphanga

Mayi wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti iwo ndi mwana wawo anaonera Mildred Pierce, filimu imene inamupezetsa Joan Crawford mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar, mtima unakhuta, ndiye anati afufuze filimu yomaliza ya Joan Crawford. Anakapeza Trog. Funso lawo nali: "Kodi mayiyu anali atasauka, kapena mutu unali utayamba kusokonekera? Munthu woti analandirapo Oscar angavomere bwanji zoterezi?"

Mayi, zoti filimuyo ndi yoipa sindikutsutsani. Inatuluka mu 1970, anajambulira ku England, ndipo woitsogolera anali Freddie Francis. Crawford akusewera ngati Dr. Brockton, katswiri wofufuza za anthu akalekale, amene watenga chamoyo chopezeka kuphanga, osati munthu osati nyani, n'kuyamba kuchiweta ndi kuchiphunzitsa. Amene anavala chinyanicho ndi Joe Cornelius, wa masewera ogwetsana. Kumutu ndi m'mapewa ubweya uli tho, koma manja ndi miyendo ndi za bambo wamba. Kuchepa kwa ndalama kukuchita kuonekera poyera.

Koma mutu wa Crawford unali bwinobwino, ndipo sanali wopemphetsa. Mwamuna wake Alfred Steele, mkulu wa Pepsi-Cola, atamwalira mu 1959, iye analowa m'bodi ya kampaniyo n'kukhalamo mpaka 1973. Chimene chinasowa ndi ntchito yoyenera mayi wa zaka zoposa 60. Mu 1962 anasewera ndi Bette Davis mu What Ever Happened to Baby Jane?, filimu yoopsa imene inagulidwa kwambiri. Kuyambira pamenepo ntchito zambiri zimene ankamuitanira zinali zoopsa zomwezo, ndipo iliyonse imatsika kuposa inzake: Strait-Jacket mu 1964, Berserk mu 1967, kenako Trog. Ziwiri zomalizazi mwini wake anali mmodzi, Herman Cohen. Pamene anzake aamuna amsinkhu womwewo ankapatsidwabe mbali zolemekezeka, iye anatsala ndi ziwiri, kukhala pakhomo kapena kugwira imene yapezeka. Munthu amene analowa ku kampani yopanga mafilimu ya MGM mu 1925, mafilimu asanayambe kulankhula, kukhala chabe sankakudziwa. Paja mu 1938 anamulemba pa mndandanda wa osewera amene eni nyumba zoonetsera mafilimu ankati akuwalowetsa pansi, koma mu 1946 anatenga Oscar uja.

Chimene chimandigwira mtima ine chili m'filimu momwemo. Pali pamene akuchiphunzitsa chinyanicho kusewera ndi kachidole ka makiyi, penanso akuchigubuduzira mpira pakapinga. Wina aliyense akanaonetsa pankhope kuti akudziwa kuti izi n'zachibwana, kuti oonera amukhululukire. Iye ayi. Akuchiyang'ana m'maso, mawu awafewetsa ngati mayi amene akunyengerera mwana wamantha, msana uli chilili, tsitsi lokonzedwa bwino. Akakalipirana ndi Michael Gough, amene akusewera ngati bambo wofuna kuti chinyanicho chiphedwe, mkwiyo wake ndi weniweni, womwe uja munauona mu Mildred Pierce. Anthu ambiri amaseka pamenepa, koma ine ndimaonapo munthu amene wakana kupeputsa ntchito yake ngakhale zomuzungulira zonse zili zopepuka.

Trog sinali mapeto enieni a ntchito yake, chifukwa anaonekanso pa wailesi yakanema mpaka 1972. Anamwalira ku New York pa 10 Meyi 1977.

Ngati munaisiyira panjira, mayi, ibwerereni muione mpaka kumapeto. Chinyanicho chaba kamtsikana n'kuthawira nako kuphanga, Dr. Brockton walowa yekha n'kukatulutsa mwanayo, kenako asilikali achipha. Mtolankhani akumuyandikizira maikolofoni kuti anenepo kanthu. Iye akuikankhira kumbali osayankha, n'kumapita yekha.