Za mapilitsi a msuweni aja

Azakhali mwaswera bwanji, pepani ndachedwa, foni inathima magetsi kunalibe. Voisi yanu ndaimva, mukufunsa kuti kodi msuweni asiye mapilitsi a nkhawa aja azingopanga zopuma-puma anaona pa TikTok, zija akuti mindfulness. Ayi azakhali asasiye, makamaka kungodula kamodzinkamodzi, thupi limadabwa, chizungulire, tulo osabwera, nkhawa ija nkubwereranso ndi ukali.

Komatu zomwe anaonazo si bodza. Ku America pa Georgetown University anachitadi kafukufuku, zinatuluka mu 2022, anthu 276 odwala nkhawa, ena anawapatsa mankhwala a escitalopram ena anawaphunzitsa mindfulness kwa masabata 8, pomaliza magulu onse awiri anapeza bwino pafupifupi mofanana, ndipo amapilitsiwo ndi omwe anadandaula kwambiri nseru, mutu, kufooka. Nde a pa TikTok amalekezera pomwepo. Chomwe sanena nchoti anthu aja ankapita mkalasi sabata iliyonse maola 2 ndi theka ali ndi mphunzitsi wake, kunyumbanso mphindi 45 tsiku ndi tsiku. Mphindi 45 azakhali! Msuweni uja 4 koloko mmawa ali kale kudoko kudikira usipa, abwere ayanike pathandala, ana a sukulu, nsima, nanga akhala pansi nthawi yanji? Kavidiyo ka mphindi imodzi sizofanana ndi zimenezo ayi.

Chinanso, mwati wamwa masabata 2 sakuona kusintha. Ngati ndi fluoxetine kapena ofanana nawo amachedwa, masabata 4 mpaka 6 ndi pomwe munthu amayamba kumva kupepukidwa. Diazepam nde nkhani ina, ameneyo amagwira msanga koma thupi limamuzolowera, si wakumwa miyezi.

Zopumazo apange, sizilimbana ndi mankhwala. Ine ndimapanga ndikaswali mmawa, ndimatsala pamkeka pomwepo mwina mphindi 10, kungomvetsera mpweya ukulowa ukutuluka, maganizo akathawira ku ngongole ya banki mkhonde ndiwabweze, athawenso ndiwabwezenso, basi ntchito yake ndi imeneyo. Masiku oyamba ndinkangowerenga ngongolezo eti, osanama.

Muuzeni ajambule kapepala ka mankhwalawo atumize ku inbox kwanga, osati pagulu pano. Lachiwiri ndili free, akwere ya kuboma tikumane, ndimuperekeze akafotokoze yekha kwa adokotala za mtima kuthamanga kuja, ngati nkusintha kapena kuchepetsa akanene iwowo.