Ma participle a Chiigupto asakuthamangitse pasukulu

Mtsikana wina wa chaka choyamba pa yunivesite ina ku England, yemwe akuphunzira za Igupto wakale, wandilembera kuti: "Zilembo za zithunzi zija ndimaziwerenga, koma titafika pa ma participle mutu waima. Ndalakwa mayeso kawiri. Bambo akuti ndisiye, ndikachite za akawunti."

Mwanawe, kalata ngati yakoyi si yachilendo. Participle ndi mneni amene wasanduka mfotokozi, monga "wokonda". Ambiri amagwera pomwepa, ndipo vuto si nzeru. Aigupto sankalemba mavawelo, ndiye mawu osiyana katchulidwe amaoneka ofanana pamwala. Tenga mneni wa kukonda. Ukaona mr, ndi munthu amene anakonda. Ukaona mrr, chilembo chabwerezedwa, ndi amene amakonda nthawi zonse. Mry ndi wokondedwa, monga m'dzina la Farao Ramesses II, Meryamun, wokondedwa wa mulungu Amun. Akakhala wamkazi pamawonjezeka t kumapeto. Koma aneni ambiri, monga wa kumva, sabwereza chilembo, choncho umazindikira poyang'ana mawu oyandikana nawo.

Chimene chikundinyansa n'chakuti ukuloweza matebulo a galamala usiku wonse pomwe chida uli nacho pakamwa. Kodi m'Chichewa sunena "wokonda", "wokondedwa", "okondedwa"? Mneni ukusanduka mfotokozi, ukugwirizana ndi dzina lake. Anzako olankhula Chingerezi chokha amavutika kuzimva zimenezi, iwe unayamwira. Siya matebulo, tenga zolembedwa pa miyala ya pamanda ya nthawi ya Middle Kingdom (ufumu wapakati m'mbiri ya Igupto wakale), mizere isanu patsiku, participle aliyense umumasulire m'Chichewa kaye. Buku la galamala ya Chiigupto la Alan Gardiner la 1927 ladzaza ndi zitsanzo.

Bambo a mtsikanayu, inu mwandikhumudwitsa. Mayeso awiri okha mwayamba kale kumukokera ku akawunti, maphunziro amene sanawafunepo? Mulekeni amalize chakachi.

Komabe sindikunamiza, mwanawe. Ntchito za Egyptology, maphunziro a Igupto wakalewa, n'zochepa kwambiri, ndipo digiri yoyamba yokha sikulowetsa ntchito ku British Museum, myuziyamu yaikulu ya ku London. Pafunika digiri yachiwiri ya Masters, mwinanso PhD, komanso kuwerenga Chijeremani ndi Chifalansa, chifukwa dikishonale yaikulu ya Chiigupto, ya Erman ndi Grapow, ili m'Chijeremani. Ngati ma participle akukuliza, konzekera misozi ina. Ine ndingakonde uphatikize maphunzirowa ndi za zilankhulo kapena kasamalidwe ka zinthu zakale m'mamyuziyamu, kuti khomo lina likatsekeka usasowe polowera.

Chijeremanicho uchiyambe tchuthi chikubwerachi. Ukalemba mayeso achitatu undiuze mmene mrr wakuyendera.