Bokosi la agogo abusa

Achemwali, funso lanu lakuti mbiri ya agogo anu abusa mungaifufuze bwanji landitsegula bala. Pitani kumudzi sabata inoyi, musati mudikire Khirisimasi kapena maliro ena. Ine ndinadikira.

Abambo awo a agogo anga aakazi anali a Mishoni ya Blantyre. Anaphunzira ku HHI (Henry Henderson Institute), sukulu ya mishoniyo, nakhala zaka zambiri mphunzitsi ndi mlaliki m'midzi ya ku Chiradzulu, kuyenda wapansi, sukulu m'mawa, kalasi ya ubatizo madzulo. Ubusa anaupeza imvi zitayamba kale. Azungu aja sankafulumira kudzoza munthu wakuda. Mishoni inayamba 1876, koma Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa 1911, ku Livingstonia mpaka 1914. Ndiye mukakapeza kuti anu amene kumudzi amawatcha abusa analembedwa ngati mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, musakhumudwe, ntchito ankagwira ndi yomweyo.

Athuwo anasiya bokosi lachitsulo lobiriwira. Agogo ankalisunga kunsi kwa bedi, kiyi pa chingwe m'khosi. Ndinaliona lotsegula kamodzi kokha ndili Fomu 2. Munali Buku Lopatulika lakale lothothoka chikuto, makope olembedwa ndi inki, kolala yoyera itasanduka yachikasu, ndi chithunzi chimodzi atakhala pa mpando, ana ataima kumbuyo. Agogo anandiuza kuti m'kope limodzi bambo awo analembamo za 1915, nkhondo ya Chilembwe itatha, tchalitchi chake cha ku Mbombwe atachiphwasula. Aphunzitsi a mishoni ankakayikiridwa, iwo anaitanidwa kuboma kukafunsidwa, banja linagona kuthengo kudikira. Anati ukadzakula udzawerenga wekha. Ndinakula, ndinayamba ntchito, chaka chilichonse ndinkati ndidzapita ndikapeza tchuthi.

Agogo atamwalira ndinafika tsiku loika, ndinabwerera kuntchito, ndinabweranso patatha sabata ziwiri. Ndikulowa m'nyumba ndinaona bokosi lija lili pakhonde, muli mbewu ya nandolo. Mtima unagunda. Ndinafunsa mapepala ali kuti, aliyense kuyang'ana pansi. Ndinazungulira kuseri kwa khitchini, ndinapeza mwana wa msuweni wanga akukoleza moto ndi tsamba la kope. Ndinamulanda m'manja. Theka linali litapsa kale, theka lotsalalo linali ndi dzanja la agogo abusa, zilembo zopendekeka bwino zija, mayina awiri a ana awo ndi chaka cha 1918, chaka cha chimfine chija chinapha anthu ochuluka. Ana amenewo palibe aliyense wa ife ankadziwa kuti anabadwa. Ndinagwada m'phulusa ndi chitenje changa chomwecho, kufukula ndi manja, kulira ngati maliro ayambanso. Masamba ena anakulungira mandasi kumsika. Ena ana anapita nawo kuchimbudzi. Ndinapulumutsa masamba khumi ndi limodzi ndi chikuto cha Buku Lopatulika. Kope la 1915 silinapezeke. Chithunzi akuti anatenga munthu wina, mpaka lero sakudziwika.

Anachita izi ndi amalume. Anathyola loko usiku womwe tinaika, kufuna mapepala a munda. Atapeza kuti mulibe, anakhuthulira zonse pansi. Nditawafunsa anandiyankha kuti ndi mapepala achabechabe, chiswe chikadadya ndithu, ndipo mwana wamkazi wa m'tauni asawafunse za katundu wa pamudzi. Munthu woti Lamulungu lililonse amaima kutsogolo kunena kuti ndife mbumba ya abusa! Dzina amalifuna, pa maliro amalitchula, koma zolemba za mwini dzina anakolezera moto. Nandolo ankasowa thumba? Papita zaka, timapatsana moni, koma ndikaona bokosilo pakhonde pawo mutu umandiwawa. Ndimadzikwiyiranso ndekha, poti agogo akadandipatsa ndikadangopempha.

Komabe inu musakanyamule zinthu mwamphamvu. Ndi za banja lonse, zisiyeni kwa akuluakulu, apo ayi adzati mwaba ndipo pakamwa adzatseka. Pitani ndi shuga ndi sopo, khalani pansi, eni mbumba muwapatse ulemu wawo. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, tumizani kwa abale angapo tsiku lomwelo. Amayi okalamba ndiwo amasunga mzere, makamaka kwa ife a chikamwini, muwafunse mukusenda nawo mtedza, foni ikujambula mawu. Funsani mayina onse, lakumudzi, laubatizo ndi chiwongo, chifukwa m'mabuku a mishoni mudzawapeza ndi laubatizo, ndipo azungu ankalemba mayina athu m'mene makutu awo amvera.

Mukatero pitani ku mpingo womwe anatumikira, pemphani kwa abusa ndi alembi a sesheni kuti muone mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Ngati anali a mishoni ya Dutch Reformed, njira yanu ndi ya ku Nkhoma, poti iwo analowa mu CCAP 1926, anzawo a Blantyre ndi Livingstonia atayamba 1924. Ku National Archives ku Zomba kulinso zambiri, ngakhale mapepala ambiri aboma akalekale anapsa ndi moto wa 1919. Makalata a amishoni a ku Scotland ambiri ali ku Edinburgh.

Ine siginecha ya agogo abusa ndinaipeza m'buku la maukwati, dzanja lomwe lija la pa tsamba lopserera. Koma dzina la akazi awo, amayi busa amene anabereka ana onsewo naika awiri m'chaka chimodzi, sindinalipeze paliponse. Linali m'bokosi muja. Mukafika kumudzi, limenelo mufunse poyamba.