Musaphe abuluzi a pakhonde panu

Mayi wina wa ku Chipoka wandilembera pa imelo kufunsa mankhwala ophera abuluzi amene achuluka pakhonde ndi kukhitchini kwake, chifukwa apongozi ake amuuza kuti buluzi akagwera m'ndiwo banja lonse likhoza kufa. Mayi, funso lanuli landilasa mtima, pakuti zimene mukufuna kuchitazo ine ndinazichita ndi manja angawa, ndipo mpaka lero ndimadandaula nazo.

Ndinakulira ku Nkhotakota, kufupi ndi Chia, kumene mnyamata aliyense ankayenda ndi legeni m'khosi. Mbalame zikasowa tinkalasa abuluzi ndi agulo popanda chifukwa chilichonse, ndipo agogo anga aakazi ankatikalipira kuti chinthu chimene sudya usachiphe. Mawu awo sanandilowe. Nditakula n'kumanga nyumba yanga kuno ku Salima, kuseri kunatsala mulu wa njerwa zosweka ndi masamba a mango, ndipo m'mawa uliwonse abuluzi ankaothera dzuwa pamenepo. Tsiku lina mu Okutobala ndinanyansidwa nawo, ndinagumula muluwo, ndinatentha masamba onse, kenako ndinapopera mankhwala m'munsi mwa khoma kuzungulira nyumba. Posesa phulusa madzulo ndinapeza buluzi wamkazi atapsa mbali imodzi, mimba yake itaphulika, mkati muli tiana tokhwima kale, tili ndi timiyendo ndi timizere pamsana ngati mayi wawo. Ndinakhala pansi nthawi yaitali tsache lili m'manja. Mvula itagwa chaka chimenecho, mphemvu zinadzaza m'khitchini, ndipo panalibenso wozisaka pakhoma.

Tsiku limenelo ndi limene ndinadziwa kuti buluzi wa mizere iwiri yoyererapo pamsana, amene akatswiri amamutcha Trachylepis striata, saikira mazira koma amabereka ana amoyo. Iye ndi wa m'banja la abuluzi osalala ndi onyezimira khungu, lomwe lili ndi mitundu yoposa 1,500 padziko lonse. Thupi lake silidzipangira lokha kutentha, n'chifukwa chake m'mawa amayamba wagona pa njerwa kapena pa mwala kufikira atafunda, kenako n'kuyamba kusaka ziwala, chiswe, tiana ta mphemvu, akangaude ndi tizilombo tina touluka. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba, mudzamuona akuthamanga uku ndi uku mpaka mimba itatupa. Mphaka kapena mbalame ikamugwira kumchira, iye amaudula yekha, mchirawo n'kumaphiriphitha pansi kuti mdaniyo atanganidwe nawo, ndipo pakapita nthawi umamera wina.

Pa miyala ikuluikulu ya ku Senga Bay mumakhala mbale wake, Trachylepis margaritifera, amene ana ake ndi aakazi ali ndi mchira wabuluu wowala, ndipo uyu ndiye amaikira mazira. Palinso wina wa timiyendo tating'ono kwambiri amene amakhala mumchenga ndi pansi pa zinyalala, ndipo anthu amamukhapa ndi khasu poyesa kuti ndi mwana wa njoka. Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa kumuyang'anitsitsa kamodzi kokha kukanakwanira kuti aone miyendoyo.

Ndinene mosapsatira: kupha abuluzi pakhomo n'kudzisaukitsa tokha. Timawononga mlonda amene satilipiritsa kanthu, kenako timapita kumsika kukagula mankhwala amene timapopera pafupi ndi ufa, mbale ndi ana okwawa. Komanso buluzi ndi chakudya cha akabawi, njoka zing'onozing'ono ndi nyama zina za m'tchire, kotero kuti akatha iye, njala imafika patali. Tikamakamba za zachilengedwe ku Nkhotakota timathamangira njovu pafupifupi 500 zimene bungwe la African Parks linasamutsira m'nkhalango ya kumeneko mu 2016 ndi 2017, ndipo ntchito imeneyo ndi yoyamikika, koma moto umene timayatsa m'minda ndi m'tchire chilimwe chilichonse umapsereza abuluzi ambirimbiri popanda wowalira. Ngakhale ng'azi ya m'mphepete mwa Bua ndi Linthipe, imene timaida chifukwa cha mazira a nkhuku, imadyanso nkhono, nkhanu ndi mazira a ng'ona.

Zimene mungachite kwanuko

Buluzi wa pakhonde alibe ululu, ndipo nalimata amene mumamuona usiku pafupi ndi getsi akugwira agulugufe ndi udzudzu alibenso. Komabe apongozi anu musawatsutse mwamwano, pakuti mantha awo ali ndi poyambira: ndowe za abuluzi zimatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella timene timatsegula m'mimba. Choncho vundikirani ndiwo, nsima ndi ndowa ya madzi akumwa, tsukani mbale zimene zagona pathandala musanaziikire chakudya, ndipo ndiwo zimene buluzi wagweramo mutaye. Matani ming'alu ya khoma la khitchini, ikani sefa pawindo, ndipo musasiye nyenyeswa pansi, chifukwa buluzi amalowa m'nyumba potsata tizilombo. Njerwa ndi nkhuni muziunjike chapatali pang'ono, cha kumpanda, kumene dzuwa la m'mawa limawomba, ndipo abuluziwo adzasamukira komweko okha.